Sitima Imene Ndinaiika M'madzi ku Chikale

Uthenga unandipeza mumsika, Lachitatu m'mawa, ndikupima ufa wa kondowole m'kambale. Foni inalira m'kathumba ka m'chiuno, ndinaitulutsa ndi manja oyera mbee, ndipo anali mwana wanga wamkazi, uja amaphunzitsa ku Mzuzu.

"Ama, mwakhala pansi?"

"Ndakhalira ndowa. Wamwalira ndani?"

"Palibe wamwalira. Sitima ya ada yapambana pa chionetsero chija cha ntchito zamanja. Yakhala yoyamba. Akuti aiika m'bokosi la galasi kuti anthu aziiona, dzina la ada lili pansi pake. Loweruka tikubwera tonse, konzani mpunga."

Ndinadzuka, ndowa inagubuduka, nthungululu inatuluka yokha osaiitana. Ndinavina pakati pa mabenchi a usipa, ndinavina kudutsa a tomato, ndinavina mpaka kukafika pa kaunjika, ufa ukufuka pa chitenje ngati ndayaka. Ndinkaimba kuti ya ada, ya ada, ya ada yafika padoko. Azimayi anzanga anayamba kuomba m'manja asanadziwe n'komwe chimene akuombera.

Nditabwerera pamalo panga, mnzanga wogulitsa nsomba za batala, amene takhala moyandikana zaka zambiri, anandiimikira ndowa ija n'kundifunsa chapansipansi.

"Ndi ija munaisambitsa ku Chikale ija?"

"Ayi. Iyi ndi yachiwiri."

"Oho. Ndiye Loweruka alamu anu abwera?"

Nyimbo inathera pomwepo. Ndinakhala pansi n'kuyamba kusesa ufa ndi dzanja, ufa umene sunkafuna kusesedwa. Alamu anga anali asanaponde pakhomo pathu zaka ziwiri, ndipo amene anawatsekera chitseko ndinali ine. Zilembo ndinazitola mochedwa, ku sukulu ya kwacha, ndili kale ndi zidzukulu, choncho ndimalemba monga ndimakwerera chitunda cha kwathu, kupuma pa ngodya iliyonse. Koma iyi ndiilemba mpaka pamwamba.

Ada ndi amuna anga. Ana amati ada, ine ndinazolowera momwemo, iwo n'kumanditi ama. Unyamata wawo wonse anaugwira pa sitima yaikulu ya panyanja, kuponya zingwe, kupala dzimbiri, kupaka penti, kutsitsa anthu ndi mbuzi m'maboti. Phokoso la injini linawadya khutu limodzi. Atapuma pantchito anangokhala pakhonde, manja pamaondo, khutu labwino litaloza kudoko. Hutala ya sitima ikalira ankaimirira, kenako n'kukumbuka, n'kukhalanso.

Anabadwa awiri okha, iwo ndi mng'ono wawo, alamu anga, kalipentala amene ali ndi shedi yake m'mbali mwa msewu wokwera ku Mzuzu. Tsiku lina alamu anandibweretsera thumba la tizidutswa ta matabwa kuti ndizikolezera moto. Ada anapisa dzanja m'thumbamo, anatulutsa kachidutswa ka mlombwa, anakatembenuza, anakanunkhiza, n'kunena kuti, "Aka ndi msana wa sitima." Kuyambira tsiku limenelo nkhuni zanga zinasanduka sitima.

Sanali kusema ngati mmene asodzi amasemera bwato pa mtengo umodzi, ayi. Ankamanga. Sitima yeniyeni ikabwera, ankatsika kudoko ndi kope n'kuyenda pajeti kuchokera kumutu kwake mpaka kumchira, akuwerenga mapazi. Phazi limodzi pajeti linali chikhadabo chimodzi pathabwa, ndiye sitima yonse inakwana kuchokera paphewa panga mpaka pansonga ya chala. Anaika msana, anaika nthiti, kenako timatabwa topyapyala ngati khungu la nthochi, kamodzikamodzi, akukapinda pa nthunzi ya ketulo yanga n'kukamata ndi guluu woyera. Popanira ankatenga mapegi anga a zovala. Zotchinga za m'mbali anapangira masipoko a njinga, zingwe anapota ulusi wa ukonde, ndipo pamwamba panali kachitseko ka katundu kamene kankatseguka ndithu. Timatabwa timeneto ankawachekera ndi alamu pa makina awo. Loweruka lililonse masana ankabwera natowo, awiriwo n'kukhala pakhonde ndi tiyi, kukangana za mawindo.

"Akulu, m'munsimu mawindo ndi ochepa, mwaonjeza."

"Iwe unakwerapo kangati? Kawiri, ukusanza ulendo wonse."

"Posanzapo ndinali pawindo, ndinawerenga."

Ine ndinkamva kuseka kwawo ndili kuseri, koma kunena zoona, mtima wanga sunali bwino. Amuna a anzanga atapuma ena anatsegula magolosale, ena anagula maukonde, ena anakhala akulu a mpingo ovala jekete. Anga anali ndi lezala ndi mapegi, lilime lili panja ngati mwana wa sitandade wani. Alendo akabwera ndinkaphimba sitimayo ndi nsalu ya patebulo.

Ku Chikale, kumene timachapa, pakamwa pa azimayi sipatha sopo. Ndikangotula beseni, wina ankayamba.

"Akapitawo adzuka bwanji? Sitima inyamuka liti, tikwereko?"

"Mundisungire malo pafupi ndi chumuni, ndili ndi thumba la makaka."

Ndinkaseka nawo, m'kati ndikupsa. Koma amene anandibaya anali mayi wina wamtali amene amuna ake ali ndi mabwato atatu. Iye sanaseke. Anangofinya malaya n'kufunsa kuti, "Koma imayandama? Chifukwatu ikakhala yosayandama, chaka chonsechi bambowo akusema chikuni."

Kwathu kuno mwana akangodziwa kuyenda amasema kabwato ka chiwale n'kukaponya m'madzi. Kakamira amamuseka. Ine ndinakulira momwemo, ndipo m'mutu mwanga munalibe malo a sitima yongoonera ndi maso. Palibe anandiuzapo kuti ziliko zombo zomangira pashelefu, ndipo inenso sindinafunse. Ndinkaopa kuti ada angandiyankhe kuti siyandama, ndiye ndikanapita nazo kuti? Ndinaimika khosi n'kunena kuti, "Imayandama. Amuna anga akhala pamadzi zaka zambiri kuposa mano amene muli nawo m'kamwamo. Mudzaiona."

Inali nyengo ya mvula. Ada anapita ku maliro ku Chintheche, akagona masiku atatu. Sitima inali itatsala pang'ono kutha, pamwamba itapakidwa penti yoyera, koma kumimba kwake kulibe penti kapena vanishi. M'mawa mwake kunacha ndi dzuwa. Ndinaikulunga m'chitenje changa chatsopano, ndinaigoneka pamwamba pa zochapa, ndinasenza, ndinatsetsereka nayo ngati ndikupita ndi mwana ku ubatizo.

Nditaivundukula azimayi anasiya kuchapa. Ngakhale mayi wamtali uja anayandikira n'kugwira kanangula ndi chala. Panalinso akazi a alamu anga, amene anandikoka chitenje n'kunena kuti, "Akulu akudziwa zimenezi?" Ndinawayankha kuti sitima ndi ya m'nyumba mwanga.

Ndinalowa m'madzi mpaka m'maondo n'kuikhazika. Inaima kamphindi, kenako inapendekera kumanzere n'kugona chammbali. Kuseka kunamveka mpaka kumiyala. Gogo wina amene ankatsuka mapoto anati, "Yapepuka. Ikanimo mchenga, sitima siyenda yopanda katundu." Ndinatsegula kachitseko kaja, ndinathiramo mchenga manja awiri, ndinaikhazikanso.

Abale, inaima. Inaima chilili, mutu m'mwamba, kamphepo kakuikankha pang'onopang'ono, timaboti take tikulendewera m'mbali monga pa yeniyeni. Madzi anali bata. Ndinaimangirira kamkuzi kumwala kuti isapite ku Likoma, ndipo ndinaimba, ndinaimba, ndinachapa ndikuimba. Ndinachapa malaya a ada, ndinachapa mabulangete, ndinayanika, ndinakhala pamchenga kulandira ulemu. Mayi wamtali uja anati, "Chabwino, imayandama." Mawu amenewo ndinawamva kutsekemera kuposa uchi, moti sindinafune kuitulutsa msanga.

Amene anaona koyamba anali akazi a alamu. "Taonani madzi akuyera." M'mbali mwa sitima munali mtambo ngati wina wathiramo mkaka. Anali guluu uja. Nditainyamula, timatabwa ta kumimba tinayamba kufunyuluka m'manja mwanga kamodzikamodzi, mchenga ukutuluka pakati pa nthiti. Palibe anaseka. Kukhala chete kumeneko kunandipweteka kuposa kuseka kuja.

Kunyumba ndinaitsuka mchenga wonse, kenako ndinachita chimene ndimachita ndi chinthu chilichonse chonyowa. Ndinaiyanika padzuwa, pa lata lakale limene ndimayanikapo chinangwa. Pofika madzulo inali itapindika ngati nsomba yowamba. Msana unakhota, penti inatukusira, chumuni chinagwa.

Usiku wake mvula inagwa yambiri, ndipo bodza linabwera ndi mvulayo. Kutacha ndinaibwezera pashelefu pake, ndinatunga madzi m'kapu, ndinawaza pakhoma kuyambira m'mwamba kuti achite mzere, ndinathira pashelefu, pansi ndinatchera beseni. Ndinachita zimenezi ndi manja anga, ine mayi wa chigwirizano, wovala yunifomu yoyera Lachinayi.

Ada atafika sanavule n'komwe nsapato. Anaima pamaso pa shelefu nthawi yaitali. Kenako anayamba kutola timatabwa n'kumatiika m'dzanja, ngati munthu wotola mpunga wotayika.

"Chachitika n'chiyani, ama?"

"Denga ladontha."

Ndinkaganiza kuti mlandu ndaupereka kwa mvula, ndipo mvula ilibe khomo loti munthu akaifunse. Ndinaiwala kuti malata amenewo anakhoma ndi alamu, miyezi inayi yokha m'mbuyomo.

Ada si munthu wokalipa. Koma tsiku limenelo anakwera chitunda ndi sitima yophwasukayo m'manja, anakaiika pa benchi ya alamu, pamaso pa anthu amene anabwera kudzaitanitsa zitseko, n'kunena mawu amene tauni yonse inawamva lisanalowe dzuwa. Anati ntchito ya mng'ono wawo ndi yaulesi, anati anatikhomera nyumba ngati khola la mbuzi, anati munthu wofuna kugona pouma asapite kwa iye.

Alamu anabwera ndi makwerero. Anakwera, anayenda padenga ponse, anagwira msomali uliwonse. Atatsika anayang'ana mzere uja pakhoma, kenako anayang'ana ine. Akazi awo anali atawauza kale, zimenezo ndinaziona m'maso mwawo. Ndinagwira tsache n'kuyang'ana pansi. Ndinadikira kuti anene. Iwo anangoti, "Ndamva, akulu. Ndimata phula." Anakweranso n'kumata phula pa misomali imene inalibe vuto.

"Waona, wavomera," anatero ada. "Usadzabwerenso pano ndi zinyalala zakozo."

Loweruka linafika, pakhonde panalibe munthu. Linafika lina, linafika lina. Kutchalitchi wina ankakhala kutsogolo, wina pafupi ndi chitseko. Pa maliro a msuweni wawo anakumba manda amodzi osalankhulana. Ndinamvanso kuti anthu awiri amene ankafuna kuti alamu awakhomere nyumba anakatenga mmisiri wina. Akazi awo akandipeza pamsika ankapereka moni wa m'buku, "Mwadzuka bwanji, tadzuka bwino," n'kupita kukagula ufa kwa wina.

Azimayi onse a ku Chikale ankadziwa, ndipo mwina amuna awo ankadziwa. Koma ndani angaime kumbali ya khutu labwino la munthu wamkulu n'kumuuza kuti akazi anu ndi abodza? Ada sapita kumowa, sakhala pabawo. Nkhaniyo inawazungulira ngati madzi ozungulira mwala.

Patapita miyezi anayamba yachiwiri. Matabwa a alamu kunalibenso, ndiye anaphwasula chitseko cha kabati yathu yakale. Makina ochekera kunalibe, ndiye ankacheka ndi sowo yapamanja, kachidutswa kamodzi m'mawa wonse, mpaka anadzicheka chala chachikulu. Shelefu anaisamutsira kuchipinda, ndipo pamwamba pake anakhomapo pulasitiki kuopa denga. Pulasitiki imeneyo ndinkagona ndikuiona, ndinkadzuka ndikuiona.

Ine ndinasanduka mkazi wabwino. Ketulo ndinkawiritsa asanapemphe. Mapegi ndinagula atsopano, awo okha. Ndikapita ku Mzuzu ndinkabwera ndi sandipepala ndi guluu. Nsalu ya patebulo ija sindinaphimbirenso, alendo ndinkachita kuwakoka dzanja kuti akaone. Abusa mpaka ananditchula pa ulaliki wa mabanja, kuti taonani mayi uyu mmene amalimbikitsira amuna ake. Azimayi a ku Chikale anatembenuka onse pabenchi kundiyang'ana. Ndinalakalaka simenti ya tchalitchi itang'ambika.

Kangapo ndinatsegula pakamwa. Tsiku lina ndinafika mpaka pa "Ada, pali nkhani." Iwo anatembenuza khutu labwino, m'manja ali ndi kawindo kochepa ngati njere ya mpunga. Ndinati, "Shuga watha."

Mwana wathu ndiye anaiona itatha n'kunena kuti imeneyi siyokhala kuchipinda. Anainyamula pamiyendo m'minibasi mpaka ku Mzuzu. Ndi imeneyo inapambana.

Ndiye Lachitatu lija ndinamanga ufa wanga dzuwa lisanafike pamutu, n'kuyamba kukwera kunyumba. Ada sayankha foni, saimva, choncho wonyamula uthenga ndinali ine. Mwendo wina unkafuna kuthamanga, wina unkafuna kubwerera kumsika.

Ndinawapeza pakhonde akunola lezala pa kamwala. Ndinaima kumbali ya khutu labwino n'kuwauza zonse, za bokosi la galasi, za dzina, za Loweruka. Anavula magalasi. Anawapukuta ndi malaya nthawi yaitali. Ndinkayembekezera kuti aseka. Iwo anayang'ana mpando umene unali pambali pawo, uja ankakhalira alamu, n'kunena kuti, "Kathabwa koyamba anandipatsa ndi uja."

Ndinagwada pa simenti, beseni la ufa lili pambali.

"Ada, denga silinadonthe."

"Mwati chiyani?"

Ndinayenera kubwereza mokweza, chifukwa cha khutu lija, moti ndi nkhuku zomwe zinamva. Ndinanena za mayi wamtali, za chitenje chatsopano, za lata la chinangwa, za kapu ya madzi pakhoma. Ndinanena kuti alamu ankadziwa kuyambira tsiku lokwera padenga lija. Nditamaliza ndinadikira, maso ali pa zala za kumapazi kwawo.

"Inayandama?"

Ndinadzutsa mutu. "Ada?"

"Ndikufunsa ngati inayandama."

"Poyamba inagona chammbali."

"Mbali iti?"

"Kumanzere."

"Eya. Nthiti za kumanzere zinali za mlombwa, zolemera. Kenako?"

"Ndinathiramo mchenga manja awiri. Inaima chilili, mpaka ndinamaliza kuchapa mabulangete."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono, ndipo pakona pa mlomo panabwera kanthu kangati kumwetulira. Ndinayamba kupuma. Koma kanthuko kanazima, nkhope inagwa, ndipo anaika lezala pansi.

"Sitima ndi matabwa, ama. Mukanandiuza ndikanakwiya sabata imodzi. Koma munandisiya ndikatukwane mwana wa mayi anga pamaso pa anthu. Munandiona ndikukwera chitunda chija. Munali pakhomo apa."

"Ndinali pomwepa."

"Zaka ziwiri. Tinabadwa awiri okha."

Sanakweze mawu. Analowa m'nyumba, ndipo ndinamva akuzula pulasitiki ija, msomali umodziumodzi. Tsiku limenelo sanadye. Ine ndinadya pang'ono ndili chiimire kukhitchini, ngati wantchito amene waswa mbale.

M'mawa anavala jekete la kutchalitchi n'kunena kuti, "Gwirani tambala wofiira uja." Tinakwera msewu, iwo patsogolo, ine pambuyo ndi tambala kukhwapa. Anthu a minibasi pa siteji ankatiyang'ana. Wina anafuula kuti, "Agogo, mwapita kukafunsira?" Ife tinangopitiriza kukwera.

Alamu tinawapeza akupala chitseko. M'shedimo munali anthu atatu odikira katundu wawo, ndipo akazi awo anali atabweretsa tiyi. Ataona tambala anazimitsa makina. Ndinagwada pa utuchi.

"Alamu, mwabwera ndi nkhuku?" anandifunsa kalipentalayo. "Ine ndimayesa mubwera ndi mchenga."

Akazi awo anaseka kamodzi, kuseka kouma. Ine ndinanena mawu anga, omwe aja ndinanena pakhonde, osachotsapo. Kenako ada anavula chipewa, chinthu chimene mkulu sachitira mng'ono wake, n'kutembenukira kwa anthu atatu aja.

"Ndinaima pano n'kunena kuti uyu sadziwa kukhoma denga. Ndinanama. Denga lake silinadonthepo ngakhale dontho limodzi. Mukauze ena." Ndipo kwa alamu anati, "Iwe, bwanji sunandiuze?"

"Ndikanati chiyani, akulu? Munali ndi sitima yakufa m'manja. Ndikanakuonjezerani kuti m'nyumba mwanu muli bodza? Ndinati alamu anena okha mawa. Mawa lakelo ndi lino."

"Inu munadikira," anatero akazi awo, akundiyang'ana ine. "Koma amene ankabwera kudzakhomeredwa nyumba sanadikire. Atatu awa ndi ochepa. Bodzali linayenda tauni yonse, ndiye nkhuku imodzi singalithamangitse."

"Ndichite chiyani, mayi?"

"Mumatha kuimba pamsika. Loweruka kwanu kudzadza anthu. Mukaimbe iyi."

Ndinavomera. Ada anafunsa mng'ono wawo ngati adzabwere. Alamu analandira tambala, anamupereka kwa akazi awo, anatenganso chopalira chawo n'kunena kuti, "Ndili ndi zitseko zoti ndimalize. Ndiona." Makina analiranso, ife n'kutsika.

Lachinayi lija ndi Lachisanu ndinapeta mpunga, ndinasesa bwalo, ndinabwereka mabenchi ndi mapoto, koma mtima unali pa "ndiona" ameneyo. Ada ankandilankhula zofunika zokha, madzi, sopo, malaya. Mpando uja anaupukuta okha n'kuuika pamalo pake.

Loweruka anthu anayamba kufika dzuwa lili pamutu. Mwana wathu anabwera ndi chithunzi chachikulu cha sitima ili m'galasi mwake, tinachipachika pakhonde. Anthu anadya, anamwa thobwa, abusa anapemphera. Mpando uja unali wopanda munthu. Ndinayang'ana kumsewu mpaka khosi linawawa. Kenako ndinaona kuti kudikira kwanga ndi komwe kuja kwa zaka ziwiri, kofuna kuti wina ayambe. Ndinamanga chitenje, ndinalowa pakati pa bwalo, ndinaomba m'manja kuti anthu akhale chete.

Sindidziwa kulankhula ngati a pa msonkhano, ndiye ndinaimba, monga anandiuzira. Ndinaimba kuti denga la alamu silidontha, silidontha, linadontha ndi ine. Ndinaimba za mchenga manja awiri, za lata la chinangwa, za kapu pakhoma. Zidzukulu zanga zinatsegula pakamwa. Azimayi a ku Chikale anayamba kuvomera, poti nyimboyo ankaidziwa kale isanapekedwe. Abusa anaphimba kumaso ndi chipewa, mapewa akugwedezeka. Mwana wanga wamkazi sanaseke. Anati, "Ama, inu?" ndipo mpaka lero akandiyang'ana nthawi zina ndimaona funsolo lidakalipo.

Nditamaliza ndinapeza kuti ada sakuyang'ana ine. Ankayang'ana kumpanda, kumene munthu wina anaima ndi thumba paphewa, sindikudziwa kuyambira nthawi yanji.

Anabwera tsiku limenelo ndi awa, ndiwatchule ndisanaiwale. Mwana wanga mphunzitsi ndi amuna ake ndi ana awo atatu. Mwana wanga wamwamuna woyendetsa lole, amene anaimika lole yodzaza pamsewu kuti adye nafe. Mchemwali wanga wa ku Chintheche ndi mwendo wake wotupa. Abusa ndi amayi abusa. Azimayi a chigwirizano asanu ndi mmodzi, ena ndi yunifomu, ena ayi. Madala awiri amene ankagwira ntchito ndi ada pa sitima, mmodzi wosaona bwino amene anachita kupapasa chithunzi ndi zala. Mnzanga wa batala, ndi batala wake. Wa tomato, wa kaunjika, ndi mayi wa golosale wa ku Mzuzu amene amatigulitsa guluu. Gogo wotsuka mapoto uja, amene anauza aliyense kuti nzeru ya mchenga inali yake. Mayi wamtali wa mabwato atatu, amene anayang'ana chithunzi nthawi yaitali n'kusafunsa kanthu. Akazi a alamu, amene analowera kukhitchini n'kundilanda chipande, akuti ndikugawa nyama mokondera. Ndi alamu anga, kalipentala, mng'ono wa ada, amene anatula thumba la tizidutswa pakhonde, anayang'ana chithunzi, anakhala pampando wawo n'kunena kuti, "Akulu, m'munsimu mawindo mwaonjezanso."